Momwe ndinafufuzira makamera a malume ku Chinamwali

Malume ali ndi shopu ya simenti, malata ndi misomali ku Chinamwali. Atabedwa simenti usiku wina, anaikitsa makamera anayi olumikizidwa ku kabokosi kosunga zithunzi kotchedwa DVR, kabokosiko n'kulumikizidwa ku rauta ya simukhadi, kuti aziona shopu pafoni ali kunyumba ku Matawale. Kenako anayamba kudandaula kuti mnyamata yemwe anamuchotsa ntchito akumadziwa tsiku lomwe katundu wafika komanso amene wagona pashopu. "Iwe paja unaphunzira zamakompyuta, tandionere."

Ndisanatsegule laputopu ndinatulutsa pepala. Ndinalembapo kuti mwini shopu wandilola kuyesa rauta, DVR ndi makamera ake tsiku limenelo, ndipo ndinawapempha asaine. Anaseka. "Mphwanga, ukufuna undimangitse?" Ndinawauza kuti womangidwayo ndingakhale ine, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa m'kompyuta kapena netiweki ya mwini popanda chilolezo ndi mlandu. Chibale chimatha kuwawasa, koma pepala silisintha mawu. Nsanja ndi zipangizo za kampani ya foni sindinazikhudze n'komwe, si za malume zimenezo.

Kulowa pa Wi-Fi sikunavute, pasiwedi inali yomwe ija yolembedwa kunsi kwa rauta, rautayo ili poyera pakauntala. Ndinayatsa Nmap, pulogalamu yaulere imene imakuuza zipangizo zomwe zili pa netiweki ndi makomo (maport) olowera mauthenga amene zatsegula. Inapeza rauta, DVR, foni ya malume, ya wogulitsa, ndi mafoni ena awiri osadziwika mwini. Pambuyo pake tinatulukira kuti ndi a anyamata a pabarbershop yoyandikana. Bandulo ija malume ankati imatha ngati mchere m'madzi, inkathera kumeneko.

Pa DVR panali makomo atatu otsegula: 80 wa tsamba lolowera, 554 wodutsa zithunzi, ndi 23. Apa mpamene ndinakhala tsonga. Khomo 23 ndi la telnet, njira yakalekale yolamulira chipangizo imene sibisa chilichonse, ngakhale pasiwedi imadutsa ili maliseche. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inkayendayenda pa intaneti kugogoda khomo limeneli pa makamera ndi marauta, n'kumayesa mayina ndi mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60. Zipangizo zomwe inagwira zinagwiritsidwa ntchito mu Okutobala chaka chomwecho kuthithikiza kampani ya Dyn ku America, imene inkathandiza makompyuta kupeza maadiresi a masamba a pa intaneti, mpaka anthu ambiri analephera kutsegula Twitter ndi Netflix. Eni makamerawo ankangoona zithunzi zawo bwinobwino osadziwa kanthu.

Ndinalemba dzina loti admin ndi pasiwedi ya m'kabuku kobwera ndi DVR. Chinatseguka. Nditaika adiresi ya zithunzi mu VLC, pulogalamu yoonera makanema, pa laputopu panaoneka malume eniake ataima kumbuyo kwanga, dazi likuwala, akukanda mutu. Anatembenuka kuyang'ana kamera, n'kuyang'ananso laputopu, osanena kanthu.

Ndinkaganiza kuti ndamaliza, koma ayi. Ndinatuluka panja, n'kuzimitsa Wi-Fi, n'kuyesa kufika pa DVR ndi data ya foni yanga. Zii. Makampani a foni kawirikawiri amaunjika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, ndiye munthu wakunja sangagogode mwachindunji pa rauta ya simukhadi. Nanga mnyamata uja ankaonera pati? Yankho linali kapepala ka QR komatidwa pamwamba pa DVR. Kabokosi kameneka kamaimbira kokha seva ya amene anakapanga, ndipo aliyense amene anajambula QR ija n'kudziwa pasiwedi amaonera pa app ali kulikonse. Malume anakumbuka kuti tsiku loika makamera mnyamatayo ndi amene ankagwirizira makwerero, ndipo woika makamera anayamba wayesera app pafoni ya mnyamatayo. Mu log ya DVR, momwe mumalembedwa aliyense wolowa, munali wina wolowa usiku nthawi imene malume amakhala atagona kale.

Kukonza kunali kotopetsa chabe. Ndinachotsa DVR ku akaunti yakale, kuibwezeretsa momwe inachokera kufakitale, kuilembetsa pa akaunti ya malume, n'kuika pasiwedi yaitali. Kuika firmware yatsopano, pulogalamu yoyendetsa kabokosiko, ndinadikira mpaka titailumikiza ku batire ya sola, poti magetsi akathima ili pakati kabokosi kamafa. Telnet inakana kutsekeka, pamenyu panalibe poizimitsira, ndiye ndinangotchinga: pasiwedi za rauta zonse ziwiri, ya Wi-Fi ndi yolamulira rautayo, zatsopano, WPS (njira yachidule yolowera pa Wi-Fi) ndi UPnP (yolola zipangizo kudzitsegulira makomo) kuzimitsa, ogwira ntchito kuwapatsa Wi-Fi ya alendo yosafika ku DVR.

Chotsala chinali simukhadi ya malume, chifukwa nambala zotsimikizira za akaunti yawo ya imelo zimabwera pa SMS. Mu 2014 ku Hamburg, Tobias Engel ndi Karsten Nohl anaonetsa kuti SS7, njira imene makampani a foni amalankhulirana, ingagwiritsidwe ntchito kulondola foni ndi kupatutsa mauthenga. Zimenezo munthu wa shopu sangazikonze, ndipo wakuba wa kuno sangavutike nazo pomwe angathe kungotola foni n'kusolola khadi. Ndinaika PIN pa simukhadi, n'kuwachenjeza kuti akaphonya katatu idzafuna PUK. Foni yawo ili ndi pozimitsira 2G, imene chitetezo chake n'chofooka, koma ndinaisiya, chifukwa akapita kumudzi cha ku Jali nthawi zina ndi yokhayo imagwira.

Ndikulongedza laputopu, ndinawapeza akukopera pasiwedi yatsopano pachikuto cha buku la ngongole, lomwe limagona pakauntala tsiku lonse.

"Malume, pamenepo ayi."

Anang'amba kachidutswako, kukapinda kanayi, n'kukalowetsa m'chikwama kuseri kwa chiphaso chawo. Kenako anaitana kabaza kuti andisiye ku Mpondabwino.