Madzi a Pansi pa Nthaka Aziyezedwa Mgodi Usanatsegulidwe

Tsiku lina ndinaperekeza katswiri woyeza madzi ku mjigo wopimira umene unakumbidwa kumunsi kwa mulu wa zotsalira za mgodi. Iye sanathamangire kudzaza botolo, koma anayamba wapopa ndi kutaya madzi ochuluka katatu kuposa amene anali atakhazikika m'paipi, pofuna kuti madzi okayezedwa akhale ochokeradi m'miyala. Madziwo anatuluka oyera mbee, moti munthu waludzu akanamwa popanda kukayika, koma atakhala m'ndowa kwa kanthawi anayamba kufiira ngati dzimbiri, chifukwa chitsulo chimene chinasungunukamo chinali chitakumana ndi mpweya. Katswiriyo anayeza pH (muyeso wa asidi m'madzi) pomwepo, anasefa madzi ena, n'kudonthezamo asidi pang'ono kuti zitsulo zisakhazikike pansi pa botolo, kenako anaika mabotolowo pamalo ozizira pa ulendo wopita ku labotale.

Gwero la kuipa kwa madzi a pansi pa nthaka pafupi ndi migodi nthawi zambiri ndi mwala wotchedwa pyrite, umene umapezeka pamodzi ndi golide, mkuwa ndi malasha. Mwalawu ukakhala pansi osakhudzidwa suvuta, koma ukafukulidwa, kuphwanyidwa ndi kusiyidwa pa mpweya ndi mvula, umatulutsa asidi amene amasungunula zitsulo za m'miyala ina n'kulowa nazo m'nthaka. Dzimbiri limaoneka ndi maso, koma zinthu zapoizoni monga arsenic, mtovu ndi uranium sizisintha mtundu wa madzi pa milingo imene imavulaza munthu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire a mamayikulogalamu (magawo a galamu itagawidwa ka miliyoni) 10 a arsenic pa lita imodzi ya madzi akumwa, 10 a mtovu ndi 30 a uranium, ndipo milingo yochepa chonchi palibe lilime limene lingaizindikire.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nthawi imene kuyeza kumayambira. Miyala ya m'dera limene muli miyala yamtengo wapatali imakhala kale ndi zitsulo zambiri mwachilengedwe, kotero madzi a m'chitsime akapezeka ndi arsenic mgodi utagwira ntchito zaka khumi, eni mgodi anganene kuti madziwo anali otero kuyambira kale, ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona. Anthu omwa madziwo nawonso amanena kuti kale sizinali choncho. Mlandu wotere sungaweruzidwe popanda manambala a mmene madzi analili khasu loyamba lisanalowe pansi, ndipo manambalawo ayenera kutengedwa nyengo yamvula ndi yachilimwe yomwe, kwa chaka chathunthu kapena kupitirira, popeza madzi a pansi amakwera ndi kutsika motsatira nyengo. Pafunikanso mijigo yopimira kumtunda kwa mgodi, kumene madzi amachokera, ndi ina kumunsi kumene amalowera, kuti pakhale poyerekezera. Mjigo wokumbidwa pamalo olakwika ungaonetse madzi abwino chaka ndi chaka, madzi oipa akudutsa mu mng'alu wa thanthwe mamita ochepa pambali pake.

Woyeza wanzeru amayang'anitsitsa sulphate (mchere umene pyrite amatulutsa pamodzi ndi asidi) ndi kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzi, chifukwa zimenezi zimayenda mofulumira kuposa zitsulo zambiri, zimene zimakanirira m'dothi panjira. Sulphate akayamba kukwera mwezi ndi mwezi, ndiye kuti zina zili m'mbuyo zikubwera, ngakhale malire a lamulo asanadutsidwe.

Mgodi ukatsekedwa, ambiri amaganiza kuti nkhani yatha, chonsecho m'pamene ngozi imakula. Pa nthawi yokumba, mapampu amachotsa madzi usana ndi usiku, ndipo madzi a m'dera lonselo amakokedwera kumgodiko. Mapampu akazimitsidwa, madzi amadzaza mapanga a mgodiwo, n'kutsuka mchere wa asidi umene unaunjikana m'makoma kwa zaka zambiri, kenako amafuna potulukira. Ku Cornwall, m'dziko la England, mgodi wa Wheal Jane unatsekedwa mu 1991, ndipo mu Januwale 1992 madzi a asidi anaphulika n'kulowa mu mtsinje wa Carnon. Kumadzulo kwa Johannesburg, madzi a m'migodi yakale ya golide anafika pamwamba mu 2002 pafupi ndi tauni ya Krugersdorp, patapita zaka zingapo chilekereni kupopa.

N'chifukwa chake ndikamawerenga lipoti la madzi lochokera kumgodi uliwonse, sindikhutira ndi chiganizo chakuti zonse zili m'malire ovomerezeka. Ndimafuna kuona mapu osonyeza pamene mijigo ili, kuya kwake, manambala a chaka chimene ntchito inali isanayambe, ndi dzina la labotale imene inayeza, makamaka ngati mabotolo ena anatumizidwa ku labotale yachiwiri yosalipidwa ndi eni mgodi. Ndimafunsanso kuti ndalama zoyezera madzi zaka makumi awiri kapena atatu mgodi utatsekedwa zasungidwa kuti, ndiponso ndani adzabwere ndi botolo pa mjigo uja kampaniyo itachoka.