Maliro a Lee Kuan Yew mumvula

Ndangomaliza kumene kuonera pa kanema mwambo wa maliro a boma a Lee Kuan Yew, mtsogoleri wakale wa dziko la Singapore, lero pa 29 Marichi 2015, ndipo mtima wanga sunakhazikike. Mvula inali kukhuthuka mwamphamvu, koma anthu anaima m'mbali mwa msewu, mbendera zonyowa zili m'manja, akufuula dzina lake pamene bokosi linkadutsa kuchokera ku Nyumba ya Malamulo ndipo asilikali ankaomba mizinga ka 21.

Boma likhoza kulamula masiku 7 olira maliro ndi kutsitsa mbendera, koma silingakakamize anthu oposa 450,000 kuima pamzere usiku ndi usana kuti akaone bokosi kwa kamphindi chabe. Ndikudziwa kuti bamboyu, yemwe anali nduna yaikulu kuyambira 1959 mpaka 1990, anali wouma dzanja ndipo anatsekera ena omutsutsa popanda kuwazenga mlandu, zomwe sitiyenera kuziiwala. Komabe okalamba amene ankalira lerowa anaona ndi maso awo kachilumba kopanda migodi, kogula madzi ku Malaysia, kakusanduka dziko lolemera, ndipo ndikukhulupirira kuti misozi yawo inali yochokera pansi pa mtima.