Lachinayi ku Le Havre: doko la a Pissarro

Mvula inayamba kuwaza m'mamawa, ndiye achemwali anati, "Achimwene, zopita kugombe zija lero ayi, tiyeni ku MuMa." Imeneyi ndi nyumba yosungiramo zojambulajambula, yamagalasi okhaokha, ndipo ili polowera penipeni padoko la mzinda uno wa Le Havre, ku France. Munthu uli m'kati umaona sitima zikuluzikulu zikudutsa panja.

Zipinda zoyamba tinangodutsamo. Zojambula za a Eugène Boudin ndi zambirimbiri kumeneko, mitambo ndi ng'ombe, zokongola ndithu. Koma ine ndinakaima pa zithunzi ziwiri za a Camille Pissarro za m'chaka cha 1903, mpaka achemwali anatopa n'kukakhala pa benchi.

Zonse ziwiri ndi za doko lomweli. Ukaima chapatali umaona zonse bwinobwino: mabwato a matanga, mitengo yake italiitali, utsi, madzi akunyezimira, anthu ali piringupiringu m'mphepete. Ndinasendera pafupi kwambiri kuti ndione nkhope ya munthu ngakhale mmodzi. Palibe nkhope. Munthu ndi kadontho ka penti yakuda, kena pamwamba pake, basi. Madzi aja ndi timizere tifupitifupi, tobiriwira, totuwa, toyera, ngati pomwe nkhuku yapalasa. Ukabwerera m'mbuyo pang'ono, kadontho kaja kayambanso kuyenda, ndipo umachita kudziwa kuti uyu akuthamangira ntchito, uyu wangoima kuonerera.

Chomwe chandigwira mtima ndi mwini zithunzizo. Nthawi imeneyo mkuluyu anali ndi zaka 73. Diso linkawavuta kwa zaka zambiri, moti mphepo ndi fumbi sizinkawalola kujambulira panja monga ankachitira kale. Ndiye ankachita lendi chipinda cham'mwamba muhotelo, n'kuika chinsalu chawo pazenera. Kuno anakhala ku Hôtel Continental kuyambira mu Julaye mpaka Seputembala, ndipo anajambula zithunzi zoposa 20 za doko limodzi lomweli: m'mawa, masana, kukachita mitambo, madzi akakwera, madzi akaphwa. Pa 13 Novembala chaka chomwecho anamwalira ku Paris.

Nkhalamba yodwala diso ikanatha kusankha maluwa a m'munda. Iwo anasankha malo autsi ndi phokoso, pomwe anthu amadyera thukuta lawo. Ine ndikuona kuti doko analidziwa kuyambira ali mwana, chifukwa anabadwira pachilumba cha St Thomas ku Caribbean mu 1830, ndipo ali mnyamata ankathandiza bizinesi ya bambo awo powerengera katundu wotsika m'sitima. Anali munthu wosataya mtima msanga. Pa nkhondo ya 1870 ya pakati pa France ndi Prussia anathawira ku London, ndipo pobwerera anapeza asilikali a Prussia atawononga zithunzi zambiri zomwe anasiya m'nyumba yawo ku Louveciennes, pafupi ndi Paris. Anayambiranso. Pa zionetsero 8 za gulu la ojambula zithunzi lotchedwa Impressionist, kuyambira 1874 mpaka 1886, ndi iwo okha amene sanaphonyepo n'chimodzi chomwe.

Anthu akamva za doko la Le Havre amathamangira a Claude Monet ndi chithunzi chawo cha dzuwa lotuluka cha 1872. N'chabwino, sindikana. Koma kwa a Monet doko labisala m'nkhungu, pomwe kwa a Pissarro doko lili pantchito, ndipo ine mtima wanga uli kumeneko.

Mvula itakata tinayenda m'mphepete mwa madzi. Nyumba zakale za m'dera lino zinapita ndi mabomba a mu Seputembala 1944, ndipo zomwe zilipo ndi za konkire za mapulani a Auguste Perret. Achemwali anagula nsomba ya ndiwo zamadzulo, ine ndinakagula matikiti. Mawa tikwera sitima yapamtunda kupita ku Rouen, komwe mu 1896 a Pissarro anajambula milatho ndi madoko a mtsinje wa Seine, ali pazenera la hotelo momwemonso.