Musanagule njinga yamagetsi ya wodwala MS

Abale, njinga yamagetsi ya olumala (wheelchair) ya wodwala multiple sclerosis (MS, matenda owononga minyewa ya mu ubongo ndi mumsana) musaigule pongoyang'ana mmene alili lero. Matendawa amasintha, dzanja lomwe likugwira bwino joystick (kandodo kowongolera njingayo) chaka chino likhoza kuyamba kunjenjemera kutsogoloku. Sankhani njinga yomwe katswiri angathe kuichepetsa liwiro ndi kuichuna kuti isamamvere kunjenjemerako. Popanda zimenezo muzingogunda zitseko.

Mpando uzitha kupendekekera kumbuyo madigiri 30 kapena kuposa, kuti thupi lisamangolemera pamatako. Wokhala tsiku lonse osasuntha amatuluka zilonda pamatako, ndipo zilonda zimenezi zimavuta kupola. Apa musaumire ndalama.

Njinga zambiri zimayendera mabatire awiri a 12V olumikizidwa kuti apereke 24V. Tchajani usiku uliwonse, maola 8 kapena kuposerapo, osadikira kuti moto utheretu. Limodzi likafooka sinthani onse awiri, chifukwa lakalelo limapha latsopano.

Njinga ya mateyala aakulu pakati imakhota bwino m'nyumba, koma pamchenga imatitimira msanga.

Ikayaka koma osayenda, musathamangire kwa makaniko. Yang'anani kaye timaliva ta pa mamota, tomwe timamasula mateyala kuti njinga ikankhidwe ndi manja. Kawirikawiri wina anakankha njingayo n'kuiwala kutibwezera m'malo mwake.