Maliro a munthu wamoyo ku Area 25

Kunyumba kwanga kunachitikapo maliro a munthu amene pa nthawiyo anali akuliza mkonono ku Johannesburg. Azimayi analira, chipepeso chinasonkhedwa, nkhuni zinatengedwa pa ngongole m'dzina langa. Gwero la zonsezi ndi basketball ya ku America.

Ndiyambe ndaulula matenda anga. Ndine mmodzi wa anthu aja amene amatchera alamu 3 koloko usiku kuti aonere NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America, chifukwa gemu ya madzulo ku Texas kuno imatipeza tambala asanalire. Timu yanga ndi Dallas Mavericks, ndipo anandikokera kumeneko ndi mnyamata wa ku Slovenia, Luka Dončić, wa jezi nambala 77. Mukamuona akuyenda simungamuganizire kanthu. Liwiro alibe, kudumpha nkwapang'ono, ndipo kudandaula kwa oyimbira ndiye ntchito yake yachiwiri. Koma mu Januwale 2024 anathira mapoyinti 73 pa gemu imodzi ndi Atlanta, ndipo sizoni imeneyo anatsogola ligi yonse ndi avareji ya 33.9. M'ma playoff (ndime yochotsana polimbirana chikho) a chaka chomwecho tinachotsa Clippers, tinachotsa Oklahoma City, kenako Minnesota. Gemu yachiwiri ndi Minnesota siichoka m'mutu chifukwa ndinadzutsa nayo mwana ndi agalu a aneba. Kutatsala masekondi ochepa, Dallas ikutsalira ndi mapoyinti awiri, Luka anapezeka maso ndi maso ndi chimphona cha ku France, Rudy Gobert wa Minnesota, amene anali atangolandira kachinayi mphoto ya wotchinga bwino koposa. Anamuvinitsa uku ndi uku, nkubwerera m'mbuyo, nkuponya ya mapoyinti atatu. Khwa! 109-108. Ku fainolo Boston inatikwapula 4-1, koma tinkati palibe kanthu, mwanayu ngwamng'ono, tidya naye zaka khumi zikubwerazi.

Ndiye Lamulungu, pa 2 Febuluwale 2025, cha m'ma 7 koloko m'mawa, ndikumanga tayi kuti ndizipita kutchalitchi, foni inanjenjemera. Mtolankhani Shams Charania wa ESPN walemba kuti Dallas yapereka Luka ku Los Angeles Lakers posinthana ndi Anthony Davis. Ndinaseka. Dziko lonse linaseka, poti aliyense ankati akuba amulowera m'tsamba lake. Patapita mphindi zingapo atolankhani ena anayamba kutsimikiza, ndipo ndinapezeka nditakhala pansi, pa simenti, tayi ili m'manja.

Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake, batire itatsala kadontho. Tili ndi gulu la WhatsApp la anthu osagona, lomwe timakambiranamo za mpirawu basi. Mwachangu ndinalemba kuti: "Abale, mnyamata wathu uja wapita. Zaka 25 zokha. Zachitika usiku wathawu. Ine mphamvu zandithera, tiyankhulana madzulo." Ndinaikapo tinkhope tolira titatu, kutumiza, foni nkuzima. Dzina sindinalembe. Kulemberanji, poti m'gulumo mnyamata wathu ndi mmodzi yekha?

Chimene sindinaone ndi chakuti gulu lomwe linali pamwamba m'mawa umenewo linali la kumtundu, chifukwa azakhali amatumizamo vesi tsiku lililonse kunja kusanayere. Ndipo kumtundu nako mnyamata wathu ndi mmodzi yekha: mng'ono wanga, chitsiriza cha amayi, amene amagwira ntchito ya usiku ku Joni. Zaka zake? 25.

Ine ndinapita kutchalitchi. Akazi anga anali atatsogola kale poti amaimba kwaya, ndipo foni yawo imakhala yozima mpaka amen womaliza. Ulaliki sindinaumve. Ndinakhala nditagwira tsaya, maso ali psuu, moti mkulu wa mpingo wina anandisisita paphewa nkunena kuti chilichonse chimene ndikudutsamo ndichisiye m'manja mwa Ambuye. Ndinayankha kuti zikomo, koma ndi zovuta kuzimvetsa. Pambuyo pake mawu amenewa anakhala umboni pa mlandu wanga. Mapemphero atatha kunali msonkhano wa komiti ya zomangamanga, womwe unatenga nthawi monga mwa masiku onse, kotero tinanyamuka 1 koloko itadutsa.

Tikukhota kulowa kanjira ka kwathu, tinaona masamba atayalidwa pamsewu. Akazi anga anati, "Kodi amwalira ndani m'dera muno?" Ndinavula chipewa mwaulemu. Tinayenda pang'ono, nkuona mabenchi. Tinayendanso, nkuona kuti mabenchiwo ali pakhomo panga. Azibambo ali phee pansi pa mtengo wa mango, utsi ukufuka kuseri kwa nyumba, m'kati mukumveka nyimbo ya maliro. Achemwali anga a ku Area 49 anatuluka chitenje chili m'chiuno, nkundigwera pachifuwa.

"Achimwene, mwana wa amayi! Zachitika bwanji?"

Apa ndiye ndinasokonezeka kotheratu, chifukwa kwa kamphindi ndinaganiza kuti nawonso amatsatira NBA mobisa. Ndinati, "Inunso mwamva? Akuti ngakhale mwini wakeyo samadziwa chilichonse." Kulira kunakwera.

Iwo ataona uthengawo anandiimbira, foni yozima. Anaimbira alamu awo, yozima. Anaimbira ku Joni kambirimbiri, osayankhidwa, poti munthu waweruka m'bandakucha ndipo akagona amaika foni pa silent. Anaitanitsa kiyi kwa mtsikana wathu wantchito, nkuuza a mfumu a m'dera, nkuimbira amalume ku Mponela. Mwayi wokha unali wakuti amalume analamula kuti amayi kumudzi asauzidwe pafoni, adzapita okha akatsimikiza. Kupanda zimenezo bwenzi nkhani ino ndikulemba ndili wothamangitsidwa pamtundu.

Dzina la mng'ono wanga litatchulidwa m'pamene mutu unatseguka. Ndinamva thukuta likutsika kumsana. Amalume anali atafika kale, atakhala pa mpando wanga wa ndalema, jekete lakuda, chipewa pabondo. Anandikodola.

"Mphwanga, khala apa. Tiuze bwinobwino. Wapita bwanji mwanayu?"

"Malume, sanamwalire."

"Ali m'chipatala?"

"Ayi. Amene ndimanenayo ndi wina. Wapita ku Los Angeles."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatuma mwana kuti akauze azimayi m'nyumbamo ayambe aleka nyimbo. Bata limene linagwa pamenepo sindidzaliiwala. Wina anabweretsa foni yamoyo, anaimbanso ku Joni, ndipo ulendo uno malemu anayankha ndi mawu a tulo, kufunsa chifukwa chimene anthu akumusowetsera mtendere Lamulungu. Achemwali anakuwa, ena anayamba nthungululu, mayi wina amene analira kuposa onse anatola mbale zake nkumapita osatsanzika.

Ndinkayesa zathera pompo. Koma amalume anati anthu asiya ntchito zawo, ena akwera minibasi, choncho ayenera kumva kuti wapitayo ndani ndipo wapitiranji. Ndinaimirira pakati pa bwalo, tayi ili pakhosi, nkuyamba kuphunzitsa azibambo a mu Area 25 za malonda a osewera mu NBA.

Ndinafotokoza kuti kumeneko sizili ngati mpira wamiyendo, komwe timu imangotulutsa ndalama nkugula munthu. Amasinthanitsa osewera, malipiro a mbali ziwirizo ayenera kuyandikana, ndipo wosewera safunsidwa pokhapokha kontirakiti yake ikhale ndi mawu omulola kukana, zomwe pa nthawiyo anali nazo ndi owerengeka ngati LeBron James. Pamwamba pa anthu amaikaponso mwayi wosankha achinyamata atsopano m'zaka za m'tsogolo, ndipo mwayi umenewu ndiye ndalama yeniyeni ya msikawo.

Amalume agulitsa ng'ombe moyo wawo wonse. Basketball sanaionepo, koma atangomva kuti nkhani ndi ya kusinthanitsa, anakoka mpando.

"Wapitayo wati ali ndi zaka 25. Wabwerayo?"

"31, malume. Mwezi wamawa akwanitsa 32."

"Ndi wamphamvu?"

"Akakhala bwino ndi katswiri. Anatenga chikho ndi Lakers mu 2020, ndipo potchinga ndi mmodzi mwa oopsa. Kungoti amavulalavulala."

"Hmm. Aonjezerapo chiyani?"

"Mnyamata wina, Max Christie, ndi mwayi umodzi wosankha wosewera mu 2029."

"2029? Ndiye ngongoletu imeneyo." Azibambo anagwirizana nazo. "Nanga pamsikapo ena amapereka zingati?"

Funso limeneli ndi lomwe linkawawa anthu a Dallas dziko lonse. Ndinawauza kuti nkhaniyo inakambidwa mwachinsinsi pakati pa mabwana awiri, Nico Harrison wa Dallas ndi Rob Pelinka wa Lakers, ndipo matimu ena anadzidzimuka limodzi ndi ife. Ndinawauzanso mitengo ya anthu ena kuti ayerekeze. Mu 2022 Minnesota inapereka ku Utah osewera asanu ndi mwayi unayi wosankha achinyamata m'gawo loyamba kuti ipeze Gobert. Mu 2024 New York Knicks inapereka mwayi usanu ku Brooklyn chifukwa cha Mikal Bridges, wosewera wabwino koma amene anali asanasankhidwepo kukasewera gemu ya All-Star, ya akatswiri okhaokha a mu ligi. Ndiye Luka, yemwe analowa pa mndandanda wa asanu opambana mu ligi zaka zisanu zotsatizana, wapita ndi mwayi umodzi.

"Mwini khola wanena kuti wagulitsiranji?"

"Akuti kutchinga ndi kumene kumabweretsa zikho. Komanso mphekesera zikuti amadandaula kuti mnyamatayo sasamala thupi, akunenepa, pomwe chaka chomwechino amayenera kumupatsa kontirakiti ya madola 345 miliyoni pa zaka zisanu."

Amalume anavala chipewa, nkuchivulanso. "Mphwanga, ine ndakalamba ndili pamsika. Sindinaonepo munthu akutaya nkhunzi yaing'ono chifukwa yanenepa, nkutenga yokalamba yotsimphina, usiku, osafunsa mtengo kwa wina aliyense. Kulira ndiye unayenera kulira. Walakwitsa polirira."

Chigamulo sichinachedwe. Ndibweze thiransipoti ya aliyense wochokera kutali, ndilipire nkhuni, shuga ndi ufa, chipepeso chibwerere kwa eni ake motsatira kope, ndipo popeza nsima inali itapsa kale, anthu adye. Tinadya nsima ya maliro ndi nyemba ndi kabichi, anthu akuseka mpaka kutsamwa. Akazi anga sanaseke. Mpaka Lachitatu ankandiyankha ndi mutu wokha.

Chodabwitsa nchakuti amalume nkhaniyo anaitenga ngati yawo. Loweruka lotsatira Davis anasewera gemu yake yoyamba ku Dallas, ndi Houston. Anayamba ngati mkango, mapoyinti 26, koma m'chigawo chachitatu anagwira m'chuuno nkutuluka, ndipo anakhala kunja masabata angapo. Nditawauza pafoni anangoti, "Ndinanena." Kumayambiriro kwa Malichi katswiri wina wa Dallas, Kyrie Irving, anaduka mtsempha wa bondo, sizoni yake nkuthera pomwepo. Dallas inamaliza ndi 39-43, ndipo Memphis inaitsekera khomo la ma playoff. Pa 9 Epulo Luka anabwerera ku Dallas atavala za Lakers, anagwetsa misozi akuonera kanema amene anamukonzera, kenako nkuwathira 45. Ndinaonera ndekha pabalaza, foni nditaitsekera m'kabati.

Koma pa ma playoff ndi pamene ndinawapezerera amalume, chifukwa mtengo wa munthu umaonekanso ndi amene wayang'anizana naye. Lakers inamaliza pa nambala 3 mwa matimu a kuzambwe, nkukumana ndi Minnesota yomwe ija. Potulutsa Davis inatsala yopanda wamtali wodalirika pansi pa nsengwa. Inayesa kutenga Mark Williams ku Charlotte, koma malondawo anathetsedwa madokotala atamuyeza. Ku Dallas Luka anali ndi Daniel Gafford ndi Dereck Lively omutchingira kumbuyo komanso odumphira mipira imene ankawaponyera m'mwamba, pomwe ku Lakers analibe. Anthony Edwards ndi Julius Randle a Minnesota ankalowa m'kati mmene afunira. Pa gemu yachinayi kochi wa Lakers, JJ Redick, anaseweretsa anthu asanu omwewo theka lonse lachiwiri osasintha, anatopa, nkuluza. Pa yachisanu Gobert uja anavinitsidwa mu 2024 anathira 27 nkutola mipira 24, Lakers nkutuluka 4-1. Ndinawaimbira amalume kuwauza kuti nkhunzi yawo ija yalephera kukoka ngolo yokha. Anati nkhunzi imakhala zaka zambiri, ndidikire. Mu Meyi Dallas, yomwe inali ndi mwayi wa 1.8 peresenti yokha, inapata nambala 1 pa maere osankhira achinyamata atsopano nkudzatenga Cooper Flagg wa ku Duke, ndipo amalume anakhumudwa kwambiri kuti munthu wogulitsa chonchi angatolenso mwayi wotere. Mtima wawo unakhala pansi mu Novembala atamva kuti Harrison wachotsedwa ntchito.

M'gulu la kumtundu ananditsitsa udindo, moti uthenga wanga uliwonse umayamba wadutsa kwa achemwali. Zimenezo ndinazilandira. Vuto limene latsala ndi la kope la chipepeso. Wina analijambula nkutumiza ku Joni, ndipo malemu analiwerenga tsamba ndi tsamba. Poyamba ankati ndalamazo nzake, popeza maliro anali ake. Amalume atakana, anayamba kuunika maina. Anapeza kuti msuweni wathu wina, amene iye anamutumizira foni yatsopano pa Khirisimasi, anasonkha K500. Msuweniyo akuti inali yoyambira chabe, yambiri akanapereka tsiku loika. Mpaka lero sayankhulana, ndipo amalume akuti mlandu umenewu ukadzakambidwa, nkhuku ya akuluakulu ndidzagula ine.