Masekondi 15 Amene Anaulula Liwiro la Kuwala

M'chaka cha 1676, Ole Rømer, katswiri wa zakuthambo wa ku Denmark yemwe ankagwira ntchito ku Paris, anaonetsa kuti kuwala kumatenga nthawi poyenda, ndipo anachita zimenezi poyang'anitsitsa Io, umodzi mwa miyezi ya pulaneti ya Jupiter. Mwezi umenewu umazungulira Jupiter m'maola pafupifupi 42 ndi theka, ndipo ulendo uliwonse umalowa mumthunzi wake kenako n'kutulukanso.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi kuchepa kwa chinthu chimene ankachisakacho. Dziko lathu limathamanga makilomita pafupifupi 30 pa sekondi, choncho likamatalikirana ndi Jupiter, m'maola 42 amenewo limawonjezera mtunda wa makilomita oposa 4 miliyoni, umene kuwala kumaudutsa m'masekondi 15 okha. Motero Io amaoneka ngati wachedwa kutuluka mumthunzi ndi masekondi amenewo, koma kuchedwa kotereku kunali kovuta kukuona ndi mawotchi a nthawiyo. Komanso sikukhala kofanana chaka chonse, chifukwa dzikoli limayenda mozungulira dzuwa: nthawi ina limathawa Jupiter, nthawi ina limayenda chopingasa moti mtunda susintha kwenikweni, ndipo pakapita miyezi limabwerera, Io n'kuyamba kuoneka msanga.

Apa ndi pamene masamu a calculus, owerengera mmene zinthu zimasinthira, amagwira ntchito. Mbali yake yoyamba imafunsa kuti pa kamphindi kameneka mtunda ukukula mofulumira bwanji, ndipo yankho lake limatiuza masekondi amene ulendo umodzi wa Io uoneke kuti wachedwa. Mbali yachiwiri imasonkhanitsa timasekondi tosiyanasiyanato mpaka titakwana mphindi zoti munthu angaziwerenge. Rømer analibe masamu amenewa monga tiwadziwira lero, ngakhale kuti Leibniz, katswiri wa masamu wa ku Germany, anali kuwakonza mumzinda womwewo m'zaka zomwezo, koma ine ndimaona kuti maganizo ake anali omwewo pamene analosera kuti mu Novembala 1676 Io achedwa ndi mphindi 10.

Rømer anati kuwala kumatenga mphindi 22 kuti kudutse kuchokera mbali imodzi kukafika mbali inayo ya njira imene dziko limazunguliramo dzuwa, pamene nthawi yeniyeni ndi mphindi pafupifupi 17. Christiaan Huygens, wasayansi wa ku Netherlands, anagwiritsa ntchito zimenezi n'kupeza liwiro loposa makilomita 200,000 pa sekondi. Kuyambira mu 1983, mayiko anagwirizana kuti liwiroli ndi mamita 299,792,458 pa sekondi ndendende, moti lero kutalika kwa mita ndiko kumadalira kuwala.