Sabata ya maselo osakhazikika

Lolemba ndinafesa maselo a khansa ya m'mapapo, amene mu labu timangowatchula kuti A549, m'timbale 12. Ndinatiika mu inkubeta pa madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu, n'kutseka chitseko. Madzi amene timawadyetsa ndi ofiirira chifukwa muli utoto wa phenol red. Utotowu ndi mlonda wathu: asidi akachuluka, madzi amasanduka achikasu.

Lachiwiri m'mawa maselo anali atagwira pansi, atathithikana bwinobwino, lililonse litatsamira linzake popanda mpata. Umu ndi mmene maselo okuta ziwalo za thupi amakhalira. Chimawamata ndi puloteni yotchedwa E-cadherin, ndipo selo lomatidwa chonchi silipita kulikonse. M'timbale 6 ndinathiramo TGF-beta, chinthu chimene thupi limapanga lokha, kuti ndione ngati chingawamasule n'kuyamba kuyenda monga khansa imachitira pofalikira, ndipo tina 6 ndinatisiya mmene tinalili kuti ndizifanizira.

Lachitatu linandichititsa manyazi. Mtsikana amene akuphunzira ntchito kwa ine anatulutsa kambale kamodzi, n'kukayang'anitsitsa pa kuwala.

"Achimwene, aka kasintha msanga bwanji?"

Madzi anali achikasu, koma a mbuu. Pa maikulosikopu tinaona timadontho tambirimbiri tikunjenjemera pakati pa maselo. Mabakiteriya. Ndinakumbuka kuti dzulo lake nsonga ya paipeti, kachubu kotungira madzi, inakhudza mlomo wa botolo ndili pakati pofotokozera mtsikanayo za ukhondo, ndipo ndinadziuza kuti palibe kanthu. Kambaleko tinakathira mankhwala n'kukataya, ndipo masana onse tinathera kupukuta inkubeta.

Lachinayi ndilo linabweza mtima wanga m'malo. M'timbale tathu ta TGF-beta maselo anali atatayana. Anatalika, kusongoka mbali zonse ziwiri, ena atatambasula kutsogolo ngati akufufuza podzera. Kusintha kumeneku, kwa maselo omatana kusanduka maselo oyenda, timakutcha EMT. Si khansa inayambitsa zimenezi. Elizabeth Hay, wasayansi wa ku America, anaziona pofufuza mmene mwana wa nkhuku amaumbikira m'dzira, ndipo khungu lathu limachita zofananako bala likamapola: maselo a m'mphepete amamasuka, n'kukwawa kukatseka pong'ambikapo. Chotupa chimangoba luso lakaleli. Selo likasiya kupanga E-cadherin, n'kuchulukitsa vimentin, puloteni ya maselo oyenda, limatha kuboola kansalu kamene kali pansi pake, kulowa mumtsempha, ulendo wayamba. Ndipo anthu ambiri amene khansa imawapha, chimawapha ndi kufalikiraku osati chotupa choyamba chija.

Madzi m'timbale timeneti analinso atayamba chikasu, koma oyera mbee, opanda mbuu. Apa mpamene mtsikana uja anakodwa. Anaganiza kuti maselo achulukana kwambiri n'chifukwa chake asidi wakwera. Tinawerenga. Anali ochepa poyerekeza ndi a m'timbale tosathira kanthu, pakuti selo likakhala pa ulendo limachepetsa kugawikana. Ochepa, koma selo lililonse likumeza shuga wambiri n'kulavula lactate wambiri, amene ndiye asidi uja.

Nkhani ya kadyedwe kameneka ndi yakale. Otto Warburg, wasayansi wa ku Germany, anaona m'zaka za m'ma 1920 kuti maselo a khansa amaphwanya shuga mwachidule n'kutulutsa lactate ngakhale okosijeni alipo wokwanira. Poyang'ana koyamba ndi kuwononga chabe: njira yachiduleyi imapereka ma ATP 2, timaphukusi ta mphamvu ya selo, pa shuga mmodzi, pamene kumutentha mpaka kumapeto kumapereka pafupifupi 30. Warburg ankakhulupirira kuti mitochondria, timene timatentha chakudya m'selo, tawonongeka. Lero tikudziwa kuti m'makhansa ambiri mitochondria timagwirabe ntchito. Phindu lili pena. Zidutswa za shuga wophwanyidwa mothamangayo zimakhala zipangizo zomangira maselo atsopano, ndipo asidi wotayidwa kunja amathandiza kufewetsa minofu yozungulira chotupa ndi kufooketsa asilikali a m'thupi. Dyera la shugali ndi limene madokotala amapezerapo mwayi pojambula ndi PET: amabaya wodwala shuga wokhala ndi chizindikiro, chotupa n'kumuunjika, n'kuwala pa chithunzi.

Madzulo ndinakanda mzere pakati pa kambale kalikonse ndi nsonga ya paipeti, n'kujambula, kuti ndione maselo amene angakwawe msanga kukatseka mpatawo. Maselo ena ndinawaumitsa n'kuwasiya usiku wonse m'mankhwala ozindikira mapuloteni.

Lachisanu mzere uja unali utatsala pang'ono kutsekeka kumene kunali TGF-beta, pamene kwinako unali ukadali yasa. Kenako tinalowa m'chipinda chamdima. E-cadherin amawala mobiriwira, vimentin mofiira. Ine ndinkafuna chithunzi choyera: kuno kubiriwira kokhakokha, uko kufiira kokhakokha. Sizinatero. Maselo ambiri anali ndi mitundu yonse iwiri, ena akuyenda ali gulu, atagwirana ndi anzawo awiri kapena atatu. Ndinayendayenda m'kambale mpaka ndinapeza kangodya kofiira bwino, n'kujambula pamenepo.

Mkulu wa labu yathu ataona zithunzizo anandifunsa kuti ndajambula malo angati. Ndinati atatu.

"Bwererani mukajambule khumi, osasankha. Amene ali pakatiwo musawabise, mwina ndi omwewo oopsa."

Sindinatsutse, chifukwa zimene ananena n'zomveka. Selo losinthiratu limadziwa kuyenda koma silichulukana msanga, ndipo ambiri mwa amene amalowa m'magazi amafera momwemo. Limene lafika ku chiwindi kapena ku fupa liyenera kukhazikikanso, kumatana ndi anzake, ndi kuzolowera chakudya cha kumaloko. Stephen Paget, dokotala wa ku England, anazindikira mbali ya zimenezi mu 1889, atafufuza zolemba za amayi 735 amene anamwalira ndi khansa ya m'mawere: khansa simera paliponse pamene yagwera, mbewu imafuna nthaka yoiyanja. Selo lokhala pakatikati, lotha kupita uku n'kubwerera uko, ndi limene lingakwanitse ulendo wonsewo.

Ndinajambula malo khumi. Ndisanaweruke ndinatsuka TGF-beta m'timbale tiwiri totsala, n'kuthiramo madzi atsopano ofiirira, kuti tione ngati maselowo abwerere kukamatana. Zimenezi zimatenga masiku angapo, choncho Loweruka m'mawa ndinabweranso kudzawasinthira madzi.